Timphira ta Che Swadick

Amuna anga, Che Swadick, anamata maboti ku Nkhudzi zaka makumi awiri ndi zisanu. Ankakhomerera thonje m'mipata ya matabwa n'kupaka phula pamwamba kuti madzi asalowe. Boti lomwe amata iwo, asodzi ankaiwala ndi kukapa komwe. Ndiye msana unawakana. Adokotala atanena kuti zowerama zatha, tinasamukira ku boma, kwa achimwene anga.

Ine ndinkati apeza ntchito yooneka, kaya kugulitsa usipa, kaya kukhoma mipando. Aa! Iwo n'kukapempha malo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti, n'kuika katebulo, ati akugulitsa mahediseti. Ndipo mahedisetiwo n'chonamizira chabe. Chomwe chinawalowa m'mutu ndi timphira tija timakhala kunsongaku, tolowa m'khutu. Ali nato m'mabotolo atatu: tating'ono, tapakati ndi tokulirapo.

Manyazi amene ndinachita ine! Bambo wa ndevu zoyera, wa zidzukulu zinayi, kumasuzumira m'makutu mwa madalaivala ndi amayi ogulitsa mandasi. Anzanga kumsikiti ankandifunsa kuti, "Amida, adokotala a makutu adzuka bwanji?" Ndinkangoseka nawo, koma m'kati ndikupsa. Ndikafika pakhomo ndinkawathira mawu, iwo n'kumangopukuta timphira tawo ndi kansalu.

"Amayi a Hidaya," amatero, "khutu n'chimodzimodzi boti. Mukasiya mpata, pamadontha. Kamphira kakachepa, mawu okhuthala aja, a besi, ndi amene amayamba kuthawira m'mbali, kumangotsala timawu topyapyala. Kakakula kamapindika, ndipo popindikapo pamadonthanso, kuonjezera kupweteka. Munthu amakweza voliyumu n'kumatukwana foni. Kumeneko n'kukapa madzi m'boti lobooka."

Ndinkawayankha kuti akauze nsomba.

Chaka chatha, nthawi ya mango, uthenga unafika wakuti Che Atumani, amuna a mnzanga Abiba, amwalira ku Joni. Anadwala masiku anayi okha. Anawaika konko tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chathu, ndiye Abiba sanaone nkhope, sanaone manda. Chomwe anatsala nacho ndi uthenga wa mawu umene anamutumizira pa Watsapu ali m'chipatala. Kenako analowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi mkazi wamasiye ali m'nyumba, osayendayenda, osaonana ndi amuna achilendo.

Ndinapita kukamuona patatha mwezi. Ndinamupeza pamkeka, ataonda, azakhali a malemuwo, Abiti Wadi, atakhala pambali pake akusankha mpunga. Atatuluka kukataya mankhusu, Abiba anandigwira dzanja.

"Amida, ndayamba kuiwala mawu awo."

Che Atumani anali ndi mawu akuya. Akatsokomola pageti, agalu a m'nyumba yachitatu ankadziwa kuti abwera. Koma Abiba anati akayatsa uthenga uja pafoni, amamva kamwana ka sukulu kakuyankhula m'chitini. Mphwake anamubweretsera mahediseti, koma ankangogwa m'makutu, ndipo mawu anali omwewo opyapyalawo. Akakweza voliyumu kuti mwina amve bwino, mawu ankatulukira panja, azakhali n'kuyamba: "Akuti chiyani? Anenapo za munda wa ku Chowe?" Mapeto ake anangosiya. Foni anaiika pansi pa pilo.

"Ndikatseka maso, nkhope ndikuiona," anatero. "Koma mawu omwe akubwera m'mutu ndi a m'chitinimo. Enieni aja akundithawa."

Zinandipweteka. Ndinanyamula mahediseti aja n'kupita nawo molunjika pakhonde pa amuna anga, n'kuwaponya patebulo. "Nthawi zonse mumadzitama ndi timphira tanuti. Eko, konzani."

Anawatembenuza, n'kunena kuti waya ndi wabwino, vuto ndi timphira, tachepa ndiponso tauma. Ntchito yawo yonse amaigwira ndi maso, amaona khutu n'kudziwa kamphira kake. Koma mkazi wa pa eda sangamuone nkhope, kuli bwanji khutu.

"Mupita ndinu," anatero.

"Ine? Ndi mabotolo anuwo? Panyumba ya maliro? Anthu aziti Amida wapenga limodzi ndi amuna ake!"

"Khalani pansi, amayi."

Wallahi, ndinakhala. Pakhonde pomwepo, masana, anthu akudutsa, anandiphunzitsa ndi khutu langa lomwe. Ndikokere khutu m'mwamba ndi dzanja lina, ndilowetse kamphira mopotoza pang'ono, kenako ndisiye khutu ligwire lokha. Foni isayatsidwe kaye. Munthu ayambe wamvetsera phokoso lapanja. Likamveka ngati lasamukira kutsidya la mlatho, ndiye kuti kagwira. Kenako atseke pakamwa n'kuchita "mmm", ndipo mawu ake akamveka akugunda m'mutu mwake momwe, basi palibe podontha. Anandiuzanso kuti makutu a munthu mmodzi salingana, ndiyese lililonse palokha. Langa lakumanzere linapezeka laling'ono.

"N'chifukwa chake mumandimvera mbali imodzi," anatero.

Ndinawatukwana pang'ono, koma timphira ndinamanga pansonga ya chitenje.

Tsiku lotsatira, itatha swala ya masana, ndinalowa m'chipinda cha Abiba. Abiti Wadi anali pomwepo, maso pa ine. "Mwabwera ndi mankhwala?" Ndinati eya, a makutu.

Ndinayamba ndi tapakati. Kumanja kanagwira. Kumanzere kanangolowa n'kutuluka. Ndinayesa kokulirapo. Abiba anakwinya nkhope, ati kakupweteka. Ndinatulutsa, n'kupeza kapindika, ine ndinaiwala kukoka khutu. Ndinadzinena chitsiru mokweza, n'kuyambiranso bwinobwino monga anandiuzira aja. Ndinakoka, kupotoza, kusiya.

Panja tambala anali akulira, ndipo wina ankasinja. Ndinamufunsa ndi manja ngati akumva. Anapukusa mutu, maso atatuzuka. Ndinamuuza achite "mmm". Anachita, n'kudzidzimuka yekha, kumwetulira koyamba chichokereni amuna ake.

Ndinamupatsa foni. Voliyumu ndinaitsitsa kufika pakati. Anadina.

Ine ndinali pafupi moti mawondo athu ankagundana, koma sindinamve kanthu. Ngakhale katswii. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina ndaononga waya. Kenako ndinaona dzanja lake likupita pachifuwa, misozi ikutsika yokha popanda kulira.

"Ndi iwowo," ananong'ona. "Amida, ndi iwowo. Mpaka kupuma kwawo."

Abiti Wadi anasiya lichero n'kusendera. Anatchera khutu pafupi ndi tsaya la Abiba, kusuntha mutu uku ndi uku. Palibe. "Akuti chiyani? Bwanji sizikumveka?"

Abiba anatulutsa mbali imodzi, n'kuwayang'ana mwaulemu wake wonse. "Azakhali, akuyankhula ndi ine." Anakoka khutu lake yekha, kupotoza, n'kubwezeramo.

Ndinatuluka osatsazika. Njira yonse ndinkalira, anthu n'kumaganiza kuti kwagwanso maliro ena.

Amuna anga ndinawapeza akutsuka kamphira ka mahediseti a wapolisi wina, a Gilford, ndi kamtengo ka machesi. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Munamvako chiyani?"

"Ine? Palibe."

"Azakhaliwo?"

"Palibenso."

"Ndiye lamatika," anatero, n'kupitiriza ntchito yawo.

Zomwe Che Atumani ananena mu uthenga umenewo sindizidziwa mpaka lero, ndipo sindinafunsepo. Abiba anatuluka eda, anayambiranso geni yake ya zitenje, ndipo timphira tiwiri tosalingana tija amasunga m'kachikwama kamodzi ndi tasibihi wake, mikanda yopempherera.

Lachisanu lapitali mayi wina kumsikiti anayambanso zija. "Amida, adokotala a makutu ali bwanji?"

Ndinaima, n'kukonza mpango wanga bwinobwino kuti onse andione. "Ali bwino, akupatsani moni. Mubwere Lolemba akuoneni, chifukwa inu mawu amakudonthani kwambiri. Mukafika mufunse Che Swadick, amuna anga."