Tsamba lopanda loko

Pa kampani ija panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Kuyambira bwana mpaka alonda a pageti, onse ankangoti Mayi Halo, chifukwa ntchito yawo inali kuyankha foni ndi kulandira alendo pa desiki ya pakhomo. Anaiyamba ali mtsikana, foni ikadali ya chingwe chopiringizika, ndipo anakalambira pampando womwewo. Mabwana ankabwera n'kupita, makoma ankasintha utoto, koma Mayi Halo anali pomwepo ndi kapu yawo yothyoka chogwirira. Munthu akabwera atakwiya, ankamusiya alalate mpaka malovu aume, kenako n'kumufunsa mwaulemu, "Mwamaliza, bambo? Tsopano mukufuna ndani?"

Mwamuna anawathawa ana akadali aang'ono, choncho analera okha ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Wamwamunayo anakula wokonda makompyuta, ndipo ali ku koleji anapanga tsamba lake pa intaneti poyeserera zomwe ankaphunzira. Kunena zoona, tsambalo linali lonyansa. Zilembo zinali zobiriwira, chithunzi chake chinali chopendekeka, iye atavala jekete yobwereka yomupitirira manja. Pansi panali kabatani. Ukakadina, pankamveka mawu ake: "Mwafika pa tsamba langa. Amayi, ngati ndinu, siyani kusewera pa ntchito." Kenako ankaseka, kuseka kwake kuja kotulukira m'mphuno.

Asanamalize koleji anadwala mutu, anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanatulukemo wamoyo. Foni yake inasowa m'chipwirikiti cha masiku amenewo. Zithunzi zake zinalipo m'nyumba, koma mawu ake anatsala pa tsamba lokha lija, lomwe linaiwalika pa makina a kolejiyo. Mlongo wake anayesa kulitsegula pa foni. Chithunzi chinatuluka, kabatani osagwira. Anayesanso pa makompyuta a anzake, chimodzimodzi. Kabataniko kankangomvera kompyuta yokalamba ya pa desiki ya amayi ake.

Ndiye masana aliwonse, anzawo akapita kukadya, Mayi Halo ankachepetsa voliyumu n'kudina. Mwana wawo ankawadzudzula, n'kuseka, iwo n'kumuyankha chamumtima, "Iwe, ndine mnzako?" Zaka zinapita choncho. Sanauzepo munthu, chifukwa zaumwini zinali zoletsedwa pa kompyuta ya ntchito, komanso maso achisoni a anthu anali atawakwana kalekale.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba lina anatsegula monga mwa masiku onse, koma m'malo mwa zilembo zobiriwira munatuluka uthenga wofiira: tsamba ili si lotetezedwa, kampani yanu yaliletsa. Kale chenjezo lotere likabwera, pansi pankakhala polembedwa kuti pitirirani ndithu. Tsopano pamenepo panali potuwa, ukadina osayankha. Anadina mpaka chala chinawawa. Mantha anawagwira, ndipo chakudya chawo chinabwerera kunyumba osakhudzidwa.

Anapirira mpaka Lachitatu, kenako anaitana bambo woyang'anira makompyuta. Ameneyu anthu ankamutchula a Zimitsani, chifukwa vuto lililonse mankhwala ake anali amodzi: "Zimitsani, muyatsenso." Anali wobwera kumene pa kampanipo, munthu wansangala, wa mimba yotsogola, woyenda ndi zingwe m'matumba onse.

"Ndazimitsa kale, ndayatsanso," anatero Mayi Halo iye asanatsegule pakamwa.

A Zimitsani anaseka, n'kuwerama pa kompyutayo. "Aaa, izi si matenda, mayi. Ndi lamulo latsopano lochokera ku likulu. Mukuona pamwambapa pamene pamalembedwa adiresi? Tsamba labwino limakhala ndi kaloko. Pakakhala kaloko, zimene mukutumiza ndi kulandira zimayenda zobisika, wakuba panjira sangaziwerenge. Tsamba lopanda loko lili ngati kunena chinsinsi m'basi yodzaza. Ndiye a ku likulu atseka masamba onse otero pa makompyuta onse a kampani, tsiku limodzi."

"Wakuba angabe chiyani apa? Nditsegulireni ili lokha, bambo. Ili lokha basi."

"Makiyi ndilibe, mayi. Kale ndikanatha. Tsopano zonse amazigwirira komweko. Ndikasintha pano, musanamalize tiyi wanu lamulo labwereramo lokha. Ngakhale kompyuta yanga yomwe anaimanga, ine mwini ntchito."

"Nanga kuwapempha a ku likuluwo?"

A Zimitsani anakanda pamutu. "Amafunsa kuti tsambalo likuthandiza chiyani pa ntchito ya kampani. Ndi la kasitomala?"

Mayi Halo anayang'ana kukhomo, ngati kukubwera mlendo woti awapulumutse. Kunalibe. "Ndi la mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

Nkhope ya a Zimitsani inawala. "Ndiye nkhani yatha! Bwanji osanena kale? Mwini wake ndiye angaikepo loko. Alowe ndi pasiwedi yake, akonze, mawa lomwe litseguka. Si ntchito yotulutsa thukuta. Mundipatse nambala yake ndimulongosolere."

"Sapezeka pa foni."

"Ana a masiku ano! Akafuna kanthu ndiye amapezeka. Wanga amatero kumene. Mukamuona mumukoke khutu, mumuuze kuti tsamba lopanda loko ndi manyazi kwa munthu wophunzira."

Apa pakanafunika mawu amodzi okha, akuti anamwalira. Munthuyo ankaseka ndi mtima woyera, ndipo kwa kanthawi ako mwana wawo anali wamoyo m'kamwa mwa mlendo, mnyamata waulesi woyenera kukokedwa khutu. Mayi Halo analephera kumuphanso.

"Ndimuuza," anatero.

Loweruka mwana wawo wamkazi anapita ku koleji kuja. Anamuzunguliza maofesi, mpaka wina anamuuza kuti masamba akale a ophunzira palibe amene amawayang'anira, ndipo makinawo akadzazimitsidwa zonse zidzapita. Liti, sankadziwa. Anabwera n'kuwauza amayi ake kuti ayesetse kuiwala. 

Lamulo lija linali labwino, aliyense ankatero. Bwana analiyamikira pa msonkhano, anthu anaomba m'manja, Mayi Halo nawonso anaomba, poti manja anali nawo. Masana ankadinabe, uthenga wofiira n'kutuluka, iwo n'kuuyang'ana mpaka nthawi yopuma ithe. Ankatseka maso kuti amumve m'mutu. Mawu onse ankawadziwa pamtima, koma pamene milungu inkapita, ankamveka m'liwu lawolawo, la mayi wokalamba. Kuseka kuja ndiko kunayamba kutha. Tsiku lina anakufunafuna m'mutu monse, osakupeza, ndipo chisoni chimene anamva chinaposa cha tsiku la kuchipatala, chifukwa ulendo uno panalibe wowapepesa.

Ali chikhalire choncho, a Zimitsani anadutsa atanyamula bokosi la zingwe.

"Mayi Halo! Mnyamata uja mwamuuza?"

"Ndimamuuza tsiku lililonse, bambo," anatero. "Sakuyankha."