Ndege ya alamu pa sipoko yanga

Ndiulule ndekha musanamve kwa ena: ndinafika pomera ndevu ndikukhulupirira kuti maginito alipo aamuna ndi aakazi. Awiri akathamangirana ndinkati apa pali ukwati, akakankhana ndinkati atambala awiri akumana m'khola limodzi. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo tsiku limene aphunzitsi anafotokoza zimenezi ndiyenera kuti ndinali ku ubusa. Anandichotsa umbuliwu ndi alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, atabwerako ku migodi ya ku Joni. Anangotembenuza kachidutswa kamodzi, tambala wanga uja n'kusanduka thadzi ine ndikuona. Akuti maginito aliyense ali ndi nkhope ziwiri: zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana.

Alamu omwewo ndiwo anabweretsa masewera a ndege m'mudzi mwathu, kufupi ndi Bowe. Kumgodiko anaona azungu akuluakulu ndi mimba zawo atagwada pansi, akumenyanitsa tindege ta nkhondo. Ife tathu tinasema ndi chiwale, totalika ngati chala. Poimikapo panali pa sipoko ya njinga yozika m'kathabwa. Maginito tinawapeza pophwanya sipika ya wailesi yanga yakufa. Kachidutswa kamodzi tinkamata pamutu pa sipoko, kena m'kadzenje kumimba kwa ndege, ndi phula la njuchi losakaniza utomoni. Ukaika ndege imangoti tapu, n'kukhala m'malere, ndipo umaitembenuza kuloza kumene ukufuna osagwa.

Popeza tonse awiri tinkadziwana kuti sitiopa kuba pamasewera, tinapangana lamulo. Maginito a masipoko anga ankaloza nkhope ina kumwamba, a alamu nkhope inayo. Choncho ndege yawo ukaiika pa sipoko yanga inkadumpha ngati chiwala. Zobera mnzako ndege akamakoka fodya wamphuno zinathera pomwepo.

Tinkasewera m'chigafa changa cha fodya Lamulungu masana. Pansi tinajambula ndi makala phiri la Dowa, la Ntchisi, ndi msewu wopita ku chipatala cha Mtengowanthenga. Tinkaponya nyemba kuti tidziwe amene wawombera mnzake, ndipo wopambana ankalengeza kuti waphulitsa Bowe yense. Amuna awiri aakulu, m'zaka za chipani chimodzi, kulengeza zophulitsa midzi. Nzeru zinalipo ndithu.

Tsiku lina Lachitatu a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anaimitsa njinga yawo patsogolo panga. Anandipatsa moni wautali kwambiri, kufunsa ngakhale za mbuzi. Kenako anati amva kuti ndili ndi ndege za nkhondo, mapu a boma lonse ndiponso zida za wailesi, ndiye Loweruka adzabwera kudzaona okha. Ku Nachisaka kunali munthu amene anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa a pamowa, ndipo fodya wake ankakolola mkazi yekha zaka zingapo. Ine ndinali ndi mapu.

Wanena ndani? M'chigafamo tinkalowa awiri. Ndinayamba kuwayang'ana alamu ndi diso lina. Ndinakumbuka kuti ndinawagonjetsa masabata asanu otsatizana, ndipo tsiku lomaliza anatuluka osatsanzika. Ndinakumbuka kuti ine ndine mkamwini chabe, ndipo dimba limene ndinkalima linali la amayi awo. Lachinayi ndinawaona akupereka moni kwa a tcheyamani ndi manja awiri, ndinati taonani, akulandira zikomo. Atandipatsa fodya wamphuno ndinakana, ndati ndili ndi chimfine. Atafunsa kuti Loweruka tichita bwanji, ndinayankha kuti iwo ndiwo akudziwa bwino. Anangonyamuka n'kuchoka.

Nzeru yanga inali yoti ndipente ndege imodzi mitundu ya mbendera, chakuda, chofiira ndi chobiriwira, kuti alendo aone kuti m'chigafa muno dziko lathu ndilo limapambana. Penti yotsalira ndinapempha kwa bambo wachisilamu wa sitolo pa tauni. Ndipo pofuna kuwakhaulitsa alamu, sindinapente yanga. Ndinatenga yawo yokongola koposa, ya mapiko osalala, imene ankaipukuta ndi malaya. Ndinaipenta Lachisanu, ndipo poti inali yosauma sindinaiyese pa sipoko. Lamulo lathu lija linandichoka m'mutu.

Loweruka a tcheyamani anafika, nakhala pa mpando umene mkazi wanga anawaikira pakhomo pa chigafa. Alamu anabwera osaitanidwa, n'kukhala pansi chakumbali. Ndinati mumtima, mboni yafika. Ndinafotokoza za chiwale, za phula, za nyemba, ndikuseka ndekha. A tcheyamani sanaseke. Anafunsa chifukwa chake msewu wa ku chipatala unali pa mapu. Ananunkhiza zotsala za sipika. Kenako ndinatulutsa ndege ya mbendera, ndi manja awiri, n'kuwapempha kuti aiike okha pa sipoko yanga ya pamwamba pa phiri la Dowa.

Anaiika. Inadumpha n'kugwera m'fumbi chagada.

Anaitola, kuipukuta, kuikanso. Inagwanso. Ndege zina zonse zinali chikhalire pa masipoko awo, mbendera yokha ili pansi.

"Ndiye kuti m'nyumba muno ndege ya dziko lathu ilibe pokhala?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndikanati ndege si yanga, funso lotsatira likanakhala loti nanga ndi ya yani, ndipo bwanji ikukana. Ndinayang'ana alamu. Anali ataizindikira kale ndege yawo, penti kapena ayi. Apa ndinati basi, munthu uja wapeza pondimalizira.

Alamu anadzuka pang'onopang'ono, natenga sipoko yawo yaitali koposa, naipukuta ndi malaya.

"Pepani a tcheyamani, alamu angawa sukulu inawavuta. Imeneyo sikhala pa mpando wa ndege wamba. Wake ndi uwu, tinaupanga padera."

A tcheyamani anaiika, ndipo inangoti tapu. Anaichotsa, kuikanso, tapu. Anaitembenuza kuloza ku Ntchisi, kenako ku Dowa. Ndinaona pakamwa pawo pakufuna kumwetulira koma udindo ukukaniza. Anayesa kachitatu. Pomaliza analamula kuti mapu afufutidwe iwo akuona, ndipo mawu oti kuphulitsa asadzamvekenso. Ndege ndi sipoko yake anati akasunga ku ofesi, pamalo oyenera. Anazikulunga m'kansalu mosamala ngati mazira.

Tinafufuta mapu ndi mapazi, ine ndi alamu. Titamaliza, a tcheyamani atapita, alamu anati, "Alamu, pakuba muziyamba mwayesa." Anatulutsa fodya wamphuno. Ndinalandira, chimfine chitatha. Komabe mumtima ndinkati mwina anandipulumutsa pofuna kubisa kuti ananena ndi iwo, pakuti munthu wokayikira sakhuta msanga.

Madzulo ake ndinamuuza mkazi wanga maganizo amenewa, iye akusankha nyemba zathu zosewerera zija kuti aphike mawa. Sanadzutse mutu.

"Achimwene asiyeni, bambo. Ndinanena ndine ku chigayo, akazi a tcheyamani ali pomwepo. Ndinati amuna anga fodya akuola m'munda, iwo ali kalikiliki kuphulitsa Bowe. Ndimayesa adzangokukalipirani kuti mubwerere ku munda. Mawa mukawapepese achimwene, ndipo mukawasemere ndege ina."