Tinakunkhako Kuseka Kokha

Mwana wanga wamkazi ndi amene anadzutsa nkhaniyi. Tinali pakhonde masana, ine ndikusenda mtedza woti ndikakazinge wa kumsika, iye maso ali pa foni monga mwa masiku onse. Kenaka anati, "Amai, mwamvako izi? Kumaiko akunja munthu akacita sewelo la pa TV, alandila ndalama nthawi iliyonse akalionetsanso. Olo papite zaka, olo wakalamba, zibwela cabe."

Ndinaseka mpaka mtedza unatayikira pansi. Ndinamufunsa ngati amalipira ndi akufa omwe. Anawerenga pang'ono, n'kunena kuti inde, munthu akamwalira zimapita kwa mkazi wake ndi ana. Pamenepo kuseka kunandithera.

Ine ndinakulira ku Chipangali, ndipo zimenezo timazidziwa ndi dzina lina. Mwini munda akakumba mtedza wake n'kututa, m'nthaka mumatsalira wina. Ndiye amayi ndi ana amabwera ndi timakasu ndi timabeseni kudzakunkha. Palibe amawaletsa, poti chotsalira chilibe mwini. Ndinamuuza mwanayo kuti anzathu akunjawo ndiye kuti amakunkha m'munda umene analima okha. Kuno wolima amachoka ndi kathumba kamodzi, okunkha n'kumadya zaka ndi zaka. Ndinkanena zimene ndikuzidziwa, chifukwa ine ndi malemu amuna anga tinachitapo filimu.

Amuna anga ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Mu Chipata wokonza njinga sagona ndi njala, koma iwo akanalemera zedi akanakhala kuti ankalipiritsa pakamwa. Ankayamba kulankhula asanasukusule n'komwe. Mawu awo anali aakulu, okhuthala, oti akakupatsa moni tsidya lina la msewu anthu onse apakati ankayankha. Ena ankabwera ndi njinga yabwinobwino, ati kudzapopetsa, chonsecho akufuna nkhani. Ine kunyumba zinkanditopetsa.

"Inu, kodi pakamwa panupo palibe buleki?" ndinkawafunsa.

"Mabuleki onse ninamanga pa njinga za anthu," ankayankha choncho, n'kupitiriza pomwe analekezera.

Tonse awiri tinali m'gulu la masewero la kutchalitchi. Chaka china kunabwera anthu a ku Lusaka ndi makamera, akufuna anthu olankhula Chinyanja cha kum'mawa kuno kuti ajambule sewero la pa TV. Nkhani yake inali ya mwamuna amene wagulitsa thonje, ndalama zonse n'kukazimwera ku Mwami, ndiye poopa mkazi wake akunamizira kufa. Amuna anga anawapatsa mbali ya mwamunayo, ine ya mkazi wolusayo. Anzathu ankatiseka kuti sitikuchita sewero ayi, tangonyamula za kunyumba kubwera nazo pagulu.

Apongozi anga atamva kuti mwana wawo akagona pamphasa atafunditsidwa nsalu ngati maliro, anakwera njinga ya hayala kuchokera kumudzi. Sanalandire ndi madzi omwe.

"Munthu wamoyo sayeselela imfa," anatero. "Imfa ikamva kuti uiitana, ibwela."

"Amai, imfa ilibe TV," anawayankha mwana wawo. Apongozi sanaseke.

Tinajambulira pamudzi wina kunja kwa tauni, m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo. Sindinkadziwa kuti filimu ndi ntchito yotopetsa chotero. Umalira, akuti lekani kwadutsa mbuzi. Umaliranso, akuti bwerezani mwayang'ana kamera. Amuna anga anali m'kati mwa nsalu thukuta lili kamukamu, ntchentche zikuwazungulira ngati afadi, ndipo aka kanali koyamba kuwaona atakhala chete nthawi yaitali chonchija. Ine ndinkayenera kulira kuti, "Mwandisiyira chiyani ine?" Nditatopa ndi kubwereza, ndinangowonjezera zanga: "Mwandisiyira matayala akutha kuseri kwa nyumba!" Matayalawo anali enieni, ndipo tinali titakanganirana m'mawa womwewo. Maliro aja m'kati mwa nsalu anaphulika kuseka.

Kuseka kwa amuna anga kunali kwakekwake. Kunkayamba ngati munthu watsamwa, n'kumakwera, mpaka kukathera mu kamluzu ka m'mphuno. Mkulu wa makamera uja anati asafufute, zikhale momwemo, poti mwamunayo ankayenera kugwidwa bodza ndithu.

Pomaliza anatipatsa kaenvelopu aliyense, n'kunena kuti ndi ka sopo. Sitinadandaule. Tinkaona ngati kuoneka pa TV ndi malipiro kale. Tinagula mbale zatsopano ndi chitenje, zotsala zinapita mu ndiwo. Mkulu uja anatiuza kuti filimuyo tsopano ndi yawo, koma adzatitumizira tepi. Tepiyo sinabwere, ifenso sitinailondole. Tinalibe choonerapo. Komanso ndani amasunga mawu a munthu amene akumusokosera m'nyumba tsiku ndi tsiku? Tinaionera kamodzi kokha, pasitolo ina imene inali ndi TV, anthu atadzaza mpaka pamsewu, ndipo ankaseka kwambiri moti theka la mawu sitinalimve.

Patapita zaka zingapo ndinabereka mwana uyu, titadikira mpaka anthu atatopa kutinena. Atate ake ankamuimbira, ankamufotokozera za masipoko ndi matcheni ngati akumva. Koma asanayambe kuyenda, iwo anadwala masiku ochepa, malungo anakwera kumutu, basi. Pamaliro apongozi sananene kanthu za filimu. Anangondiyang'ana nthawi imene ankawafunditsa nsalu. Bola akanandinyoza. Nditabwerera kunyumba, chimene chinandipweteka kwambiri ndi bata lija ndinkalipempha tsiku lililonse.

Zithunzi zilipo, cha ukwati ndi china ali pansi pa mango uja atagwira pampu. Nkhope ya atate ake mwanayu anakula akuidziwa. Koma atayamba sukulu anandifunsa tsiku lina, "Amai, atate anali kukamba bwanji?" Ndinayesera kukhuthalitsa mawu, iye n'kuseka kuti ndikumveka ngati ndili ndi chimfine. Ankafunsanso anthu a kumsika. Onse ankayankha zofanana, kuti atate ako anali ndi mawu iwe. Nanga zimenezo zimuthandiza chiyani mwana? Funsolo silinathe. Linkabwera pa Khirisimasi, linkabwera akakhoza mayeso, linkabwera ngakhale tikungotsuka mbale.

Chonsecho filimu ija inali moyo. Anthu ankabwera pabenchi langa n'kunena kuti, "Amai, tinakuonani mu basi ya ku Lusaka, mulila maliro abodza." Ometa tsitsi ankaionetsa kuti makasitomala asathawe pamzere. Anyamata a madisiki ankaigulitsa kwa madalaivala a mathiraki ku Mwami kumalire a dziko, moti inawoloka n'kukafika kutali kumene ine sindinapondeko. Pa TV ankaibwereza nthawi zina, ine n'kumva mawa lake zitadutsa kale. Aliyense ankakunkha. Ndisaname, ndalama ndinkaifuna, poti fizi ndi yunifomu sizidikira wamasiye. Koma chimene chinkandiwotcha mumtima n'chakuti anthu osawadziwa, ena akuwodzera, ena akutafuna chimanga m'basi, ankamva mawu a amuna anga pomwe mwana wawo sanawamvepo.

Ndinayesa kufunafuna. Mkulu wa makamera uja, ena ankati anapita kunja, ena ankati anamwalira. Anyamata a madisiki ankangoti, "Yasila amai, bwelani mailo," kutanthauza kuti yatha ndibwere mawa, mpaka madisikiwo anatha fasho ndipo anyamatawo anayamba kugulitsa zikwama za mafoni. Ndinafika pogwa ulesi.

Titakamba za kukunkha pakhonde paja, mwanayu ndi amene anaitenga nkhani m'manja. Anali atamaliza sekondale, wamtali ngati atate ake, wosamva mawu oti zosatheka. Anafunsa aliyense. Mapeto ake anali kondakita wina amene amagula mtedza wokazinga kwa ine. Anati filimuyo ali nayo pa kafulashi, ndipo tipite kudepoti masana basi ikadali kudzaza.

Mwanayu anavala diresi lake la kutchalitchi. Kondakita anatikhazika pampando wakutsogolo, pansi pa ka TV kolendewera kumbuyo kwa dalaivala. Anthu ankakwera, ankakankhana ndi matumba, ogulitsa nthochi ankagogoda mawindo. Chithunzi chinabwera chofwifwa, chachikasu. Kenaka ndinawaona. Ankabwera m'kanjira akukankha njinga, malaya ali pamtunda, achinyamata kuposa momwe ndinkawakumbukirira. Mwana anandigwira dzanja mwamphamvu. Atate ake anaima, anayang'ana kumwamba, n'kutsegula pakamwa.

Mawu amene anatuluka anali a kamnyamata. Opyapyala, othamanga, a Chinyanja cha m'tauni, odzaza nthabwala zosagwirizana ndi nkhani. Pakatipakati kankatchula dzina la shopu yake ndi kumene ili. Milomo inali ya amuna anga, koma kolankhula kanali kena.

"Ici n'ciani?" ndinafunsa.

"Saundi yakale inali yotsika, amai," anatero kondakita. "Mu basi siinali kumveka. Ndiye anyamata anaikapo yao. Anthu aikonda maningi iyi."

Ndinamufunsa ngati yeniyeniyo ingapezeke. Anapukusa mutu, akuti aliyense ali ndi yomweyi, amangopatsirana. Sankaona cholakwika chilichonse, ndipo ankayembekezera kuti ndisangalala. Kukunkha timakudziwa, koma wokunkha sazula ndi malire a munda omwe. Nditaoneka ine pa TV, kamnyamata komweko kanasintha mawu kukhala ngati nkhuku yomwe aigwira, ndipo anthu m'basi anafa nako kuseka. Ndinanena mawu ena amene mayi wa chigwirizano cha kutchalitchi sayenera kunena pagulu, n'kuimirira kuti tizipita.

"Tiyeni tione cabe, amai," anatero mwana osandiyang'ana. "Nkhope ni yao."

Ndinakhalanso. Ndinaonera amuna anga akumwa ndalama za thonje ndi mawu a munthu wina, akunama ndi mawu a munthu wina, akugona pamphasa. Pamene ndinaona nsalu ija ikuwafunda, ndinakumbukira maso a apongozi, ndipo ndinayang'ana pawindo. Kenaka panafika paja ndikulira za matayala. Kamnyamata kanaponya nthabwala yake, n'kukhala chete pang'ono. Kaya kankameza malovu, kaya nakonso kanali kukuseka, sindidziwa. Koma m'kampata kameneko, pansipansi, panamveka mawu akale. Munthu ngati watsamwa, kenaka kukwera, kenaka kamluzu ka m'mphuno.

Mwana anandisiya dzanja n'kudzigwira pamphuno. Kuyambira ali wamng'ono ndinkamuuza kuti amaseka ngati atate ake, iye ankayesa ndi zonena za amayi basi. Tsopano anadzimvera yekha. Sanalire. Anangotembenukira kwa kondakita n'kunena motsitsa, "Abale, bwezelaniko pang'ono paja."

Anabwezera. Anapemphanso, anabwezeranso. Anthu kumbuyo anayamba kudandaula kuti filimu yajama, dalaivala naye anali ataliza injini. Kondakita anaona nkhope ya mwanayo, ndipo sanafunse zambiri. Anamuikira filimu yonse mu foni, n'kukana ndi mtedza womwe ndinkafuna kumupatsa. Tinatsika, basi inanyamuka kulowera ku Lusaka, amuna anga ali m'katimo akusekedwa.

Tinauyamba ulendo wa kunyumba. Ine maganizo anali pa tepi ija. Lusaka sikunali kumwamba. Amuna anga akanatha kukwera basi kukaitenga, kapena tikanatuma munthu. Tinkati tidzapita tikadzagula choonerapo, kenaka tinkati mwana akadzabadwa, ndipo tinkaona ngati nthawi ndi yathu. Zimandipweteka mpaka lero, ndipo ndikamva za anthu akunja aja amene amalandira zotsalira mpaka kumanda, sindiwachitira nsanje ya ndalama yokha. Ndimaganiza kuti kumene amawerengera munthu kangati waoneka, ndiye kuti amasunganso mawu ake bwinobwino.

Masiku ano mwanayu ali ndi chizolowezi chake. Kakuseka kaja anakadula n'kukasunga padera, ndipo ndimakamva kakulira kuchipinda kwake akamakonzeka kupita kuntchito. Koma Lamlungu tikaweruka kutchalitchi amabwera pakhonde, n'kutsitsiratu mawu a foni kuti kamnyamata kaja katseke pakamwa. Amandipatsa foniyo n'kunena kuti, "Apa anali kuti ciani, amai?"

Ndimayang'ana milomo ya atate ake, n'kumanena. Mawu ena ndimawakumbukira. Ambiri ndinaiwala, poti nthawi imene ankawaloweza m'nyumba muja ine ndinkawauza kuti akalowezere panja. Oiwalikawo ndimangopeka, ndipo ndikhulupirira mwanayu amadziwa, koma sanandigwirepo bodza. Amatsamira paphewa langa n'kumamvera mpaka pofika pa matayala. Pamenepo amakweza mawu mofulumira, ine n'kukhala chete, kuti atate ake aseke okha.