Nsalu yonyezimira ya azakhali

Chaka chimene sindinasankhidwe kupita ku sekondale ndicho chaka chimene achemwali anga anapeza banja. Mwamuna wawo anali kalaliki pa esiteti ya fodya ku Mkanda. Ine ndinkangokhala pakhomo, kupatula Lachitatu, pamene ndinkakaphunzira kusoka ndi azimayi a ku tchalitchi. Makina analipo amodzi, ophunzira tinali ambiri. Kulimbirana sindinkakutha, choncho ndinazolowera singano ya pamanja.

Ukwati usanachitike, azimayi anakonza phwando la mphatso. Paphwando lotere mphatso iliyonse amaifunyulula pamaso pa anthu n'kutchula mwini wake, akuchimuna ali pomwepo. Ndinaganiza zosoka chofunda cha zigamba: pamwamba tizidutswa ta nsalu, pakati bulangete lakale, pansi nsalu yoyera. Ndinkafuna kuti tsiku limenelo anthu aone kuti mwana wotsala sukulu uja pali chimene amatha.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, ankachita geni ya zitenje ku Chipata. Atamva za chofundacho anandibweretsera chidutswa chotsala kwa telala wosoka makatani. Chinali cha thonje, koma chosalala ndi chonyezimira ngati tsamba la nthochi lovumbidwa mvula, chobiriwira, cha maluwa ofiira. Chinangokwana pakati pa chofunda. China panalibe.

Nditaonetsa mayi amene ankatiphunzitsa kusoka, anachipapasa, n'kuchilasa ndi singano pakona, n'kuchikweza kudzuwa.

"Wakaona kabowoka? Sikatsekeka aka. Chitenje chimakhululuka, koma nsalu iyi ayi. Uyambe waganiza, usoke kamodzi kokha."

Ndinamva, ndipo ndinasamala. Nsaluyo inkaterera pa bulangete, ndikaigwira uku yathawira uko. Singano inkakana kulowa mpaka chala changa chinachita thuza. Ndinasoka mizere yowongoka kuti nsalu zitatuzo zigwirane, ndipo zinanditengera masiku asanu.

Azakhali anandipeza pakhonde nditangomaliza.

"Iwe, akadzalamo mtedza m'menemu? Mizere ngati m'munda! Ku Chipata amasoka mopingasa, mizere n'kumadutsana. Masula."

Mawu a aphunzitsi aja anali pakhosi penipeni. Koma nsalu inali yawo, ndipo ine ndinali ndisanawayankhepo azakhali chibadwire. Ndinati, "Chabwino, azakhali," n'kutenga lezala. Ulusi utachoka, timabowo tinatsala tili ndondondo. Ndinatipaka madzi, ndinatisita ndi simbi ya makala, koma sitinatsekeke. Pamene panadontha madzi panazilala.

Ndinasoka mopingasa. Ndili pafupi kumaliza, amayi anga anaima kumbuyo kwanga akusenda chinangwa.

"Ulusi woyerawu ukuoneka kwambiri, mwanawe. Akuchimuna aziti tasokera ulusi wa matumba a feteleza. Bwanji osapeza wobiriwira?"

Sanalamule, anangofunsa. Komabe ndinapalasa njinga ya bambo mpaka ku Guilleme kukafuna ulusi wobiriwira, ndinamasula, ndinayambiranso. Ndinkayesetsa kulowetsa singano m'mabowo akale omwe aja, koma nsalu yoterera siilola. Singano inkagwera pambali pang'ono, bowo latsopano n'kukhala pafupi ndi lakale.

Kutatsala sabata imodzi, azakhali anabwera kuchokera ku boda. Anatambasula chofunda, anapendeketsa mutu.

"Zakhalako bwino. Koma misokoyi yatalikirana, ikhala ikukola zala za kuphazi. Nsalu yodula ngati iyi imafuna timisoko tating'onoting'ono. Ukuthamangira kuti?"

Ndinkadziwa chimene chichitike. Ndikakweza nsalu ija kudzuwa, kuwala kunkadutsa ngati m'sefa. Ndinapsa mtima, koma pakamwa panatuluka mawu omwe aja. Ndinamasula kachitatu.

Kutatsala masiku awiri, ndinayala chofunda pamphasa kuti ndiwongole makwinya. Ndinangokoka pang'ono. Nsalu inang'ambika motsata timabowo, mosavuta, ngati mmene kondakitala amang'ambira tikiti ya basi. Ndinakoka mbali ina kuti ndione, nakonso kunatseguka.

Ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe. Sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Azakhali anandipatsa nsalu mwaulere, amayi anangofunsa, aphunzitsi anandichenjeza bwinobwino. Lezala inali m'manja mwanga katatu konse.

Ndinadula pong'ambika ponse. Zimene zinapulumuka zinali timizere ta m'mbali, topyapyala ngati lamba. Pakati panatsala chibowo chachikulu. Ndinafufuza m'sutikesi n'kupeza yunifolomu yakale ya achemwali, yabuluu, yozilala pamapewa. Ndinaidula, ndinaisokera pakatipo, timizere tonyezimira tija n'kutizunguliza m'mphepete. Sindinaonetse munthu.

Paphwando, mayi wolengeza mphatso anatchula kuti iyi ndi ya mng'ono wa mkwatibwi. Anthu awiri anagwira makona n'kutambasula. Ine maso anali pansi.

"Nanga nsalu yanga ija ili kuti?" anafuula azakhali. "Ndinaisenza kuchokera ku Chipata kuti idzakhale kamkanda kozungulira sanza?"

Anthu anaseka. Achemwali, amene anayenera kukhala chowerama monga mkwatibwi, anasuzumira n'kuphulika nawo. "Si yunifolomu yanga iyi? Ndi inki yomwe ilipo!" Apongozi awo anapapasa misoko, anaitembenuza kuseri, n'kunena kuti ndi yolimba. Za kukongola sananenepo kanthu. Mphatso yotsatira inali mapoto, ndipo nthungululu zinalira kuposa pa yanga.

Anthu atabalalika, azakhali anandiitana chofunda chili pamiyendo pawo. Ndinagwada.

"Kabuluu aka ukachotse. Ndikapitanso ndikubweretsera ina, usokenso bwino."

"Ayi, azakhali. Sindimasulanso."

Mawu anatuluka otsika kwambiri moti anandifunsa kuti ndati chiyani. Ndinabwereza. Anayang'ana amayi n'kunena kuti mwanayu wayamba mwano, ndipo paukwati sanandilankhule.

Chofunda chinapita ku Mkanda mmene chinalili, chomangidwa ndi mphira kumbuyo kwa njinga. Nditakawaona achemwali m'nyengo yozizira, ndinachipeza pabedi. Anali atachichapa kale kangapo, ndipo timizere ta m'mphepete tija tinali titasiya kunyezimira.