Tambala Wotsala M'chitini cha Bambo

Loweruka, 6 Disembala

Ndadzuka ndi mtima wolemera. Mphepo ya ku Michesi yakhala ikugwedeza malata athu mpaka mabowo a misomali akula, ndipo mvula yadonthera pa mabuku anga. La Bayoloje lafufuma ngati chigumu, chonsecho mayeso ayamba Lolemba.

Bambo anati za malata atsopano tiiwale chaka chino. Anatulutsa chitini cha ndalama zachitsulo zimene ogulitsa anasiya kalekale kulandira. Iliyonse amaiboola pakati, n'kuika kachidutswa ka chubu cha njinga pansi pake, kenaka n'kuikhomera pabowo la lata kuti msomali ugwire. Ine ndimawapatsira ali pamakwerero.

Imodzi inali yofiirira, yokhala ndi chithunzi cha tambala. Ndinali ndisanaionepo. Mawu akuti tambala ndimangowalemba m'masamu osawaganizira.

"Bambo, kandalama kochepa chonchi anakatchuliranji tambala?"

Anatsika kudzapuma. "Ife tisanabadwe kunali makobiri a atsamunda, ena oboola kale pakati. Pofuna ufulu anthu ankafuula kuti kwacha! Nanga wolengeza kuti kwacha ndani? Ndiye ndalama yaikulu anaitcha kwacha, yaing'ono tambala. Alire zana limodzi kuti kuche."

Mayi anali pakhonde akusenda chinangwa, ndipo anaseka. "Muuzeni mwanayo kumene munaitenga imeneyo."

"Inu, zisiyeni."

"Ndinawafupa ndine, akuvina tchopa ali mnyamata. Anzawo ankaponyeredwa faifi tambala. Awa wani basi, molingana ndi mavinidwe ake."

"Nanga munandiloleranji kudzamanga nyumba kwanu kuno?"

"Ndimati mwina mundibwezera."

Ndinaseka mpaka misomali inatayikira pansi. Koma pomaliza panatsala bowo limodzi, pamwamba penipeni pa thebulo langa, ndalama nayonso n'kutsala imodzi yomweyo. Bambo anaipukuta ndi chala, anaiyang'ana kanthawi, kenaka anaiika pamwala n'kutenga hamala. Mayi anasiya kusenda. Amangoyang'ana mpeni wawo.

Ndinaitola msomali usanaikhudze.

"Iwe, bweretsa," anatero bambo. "Mitambo ija sukuiona? Mabuku ndiye ofunika."

"Thebulo ndisuntha, bambo. Beseni lilipo."

Anayang'ana mayi, mayi nawo anayambanso kusenda mofulumira. Bambo anaika hamala pansi n'kunena kuti ndine wamakani ngati mwini wake wa tambalayo.

Mvula yabweradi madzulo ano. Ikudontha m'beseni pamene ndikulemba, ndipo mabuku ndawayanika pamkeka pakona youma. Tambala uja ndamubwezera m'chitini, ali yekhayekha, akulira chitini chikagwedezeka. Sangagule ngakhale mtedza umodzi, koma bambo amusunga kuyambira ndisanabadwe.

Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndipita kwa okonza njinga pa Boma, ndikapemphe kachitsulo kakale koboola pakati, tidzatseke bowo lotsalalo.