Funso la a inshulansi ndi chikwama cha achimwene

Sabata ino ndinaimbira foni kampani ya inshulansi, ndipo chinandituma ndi mantha basi. Anzathu oyandikana nawo kuno ku Mamelodi anawathyolera nyumba masanasana ali kutchalitchi. Pobwera anapeza pabalaza pali mbee, ngati anthu asamuka. Ine ndinayang'ana filiji yanga, makina anga osokera ndi laputopu ya mwana wanga Tadala, n'kunena kuti ayi, izi zikapita sindingazigulenso.

Mtsikana amene anayankha anali waulemu kwabasi. Foni ndinaiika pa sipika poti manja anali pa ayironi. Mazenera ali ndi zitsulo? Eya. Chitseko chachitsulo? Chilipo. Masana pakhomo pamakhala munthu? Apa ndinayankha monyadira: amakhalapo achimwene anga, amawotcherera mageti panja pompano, ndipo zitsulo za m'mazenerazo anapanga ndi iwowo.

Kenaka anafunsa ndi mawu omwewo, osakweza osatsitsa: “Kodi inuyo, kapena wina aliyense wokhala m'nyumbamo, anapezekapo wolakwa kukhoti?”

Achimwene anali ataima pakhomo la khitchini, kapu ya tiyi ili m'manja. Ine ndinauza mtsikanayo kuti netiweki ikudukaduka, ndiimbanso. Netiweki inali bwinobwino.

A Isaki ndi achimwene anga aakulu. Ndiwo anandilandira ku Joni kuno ndisakudziwa ngakhale kuimitsa takisi. Zaka zapitazo, akugwira ntchito yosamalira maluwa ku Waterkloof, anagula jenereta yotsika mtengo kwa anyamata ena apamsewu. Inali yakuba. Apolisi anaipeza m'chipinda chawo, ndipo anakaseweza kundende.

Nanga ife abale tinatani? Tinachita zomwe inunso mumachita. Akumudzi ku Machinga akafunsa, tinkati foni yawo inatayika. Tadala, amene anali wamng'ono nthawiyo, tinamuuza kuti amalume apeza ntchito ku Cape Town. Atatuluka tinawaphera nkhuku, tinawapatsa chipinda chakuseri, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe anaitchulanso, ndipo tinkaona kuti umenewo ndiwo ulemu.

Aphungu sasowa. Mnzanga wina wosoka naye ku Centurion anandiseka. “Eish, iwenso! Ungoti no. Adziwa bwanji?” Wina anati, “Ungonena kuti ndi mlendo, sakhala pompo.” Apa ndinaseka ndine. Kwa ife Amalawi a ku Joni, mlendo ndi wokhala amasiyana pati? Munthu amabwera kuti adzangogona mpaka apeze ntchito, Khirisimasi ziwiri n'kudutsa, makalata ake n'kumafikira pakhomo panu, koma ife n'kumatibe mlendo.

Anzanga, bodza limenelo musaliyese. A inshulansi sakutsutsani tsiku lolembetsa, amakuthokozani mwaulemu ndithu. Amakudikirani tsiku limene akuba akukokolerani zonse. Pamenepo ndiye amafufuza, ndipo zala za munthu zikadindidwa kupolisi sizifufutika chifukwa choti mlongo wake wanena kuti ayi. Akapeza kuti munabisa, akhoza kukana kukulipirani, inu mutapereka mwezi ndi mwezi osaphonya.

Zimenezi ndinkazidziwa. Koma kunena zoona kunali kovutanso. Ndikanayamba bwanji kufotokozera mlendo wa pafoni nkhani imene sindinafunsepo mwini wake?

M'mawa mwake ndinapeza chikwama cha achimwene chili pakhonde, chomanga kale. Makina owotcherera anali atawakulunga m'thumba.

“Achimwene, ulendo wa kuti?”

“Ku Montana konkuno, chemwali. Anzanga akumanga nyumba kumeneko, pali kontena yogonamo. Ine ndikachoka, funso lija muyankha bwinobwino popanda kunama. Katundu wanu asakhale pamtetete chifukwa cha ine.”

Analankhula modekha, ngati akundiuza kuti shuga watha. Ine mtima unandipweteka. Munthu amene amateteza nyumbayi tsiku ndi tsiku, amene akuba amaona moto wa makina ake n'kupitirira, ndiye achoke kuti filiji itetezedwe?

Ndinakhala pa sitepe. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti, koma ndinati, “Achimwene, takhalani pansi. Kodi zija zinayenda bwanji?”

Anakhala pachikwama chomwecho n'kuyamba kufotokoza. Anati mtima unawauza kuti mtengo wa jenereta ija ndi wokayikitsa, koma magetsi ankazimazima ndipo ankafuna kuyamba bizinesi yawoyawo. Anafotokoza za womasulira wa kukhoti amene Chichewa chake chinali chothyokathyoka, za kuzizira kwa m'ndende mwezi wa June, za mkulu wina wa mtundu wachi Pedi amene anawaphunzitsa kuwotcherera momwemo. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti luso limene linatipangira zitsulo za m'mazenera analitenga kundende.

Pomaliza anati, “Mukudziwa, chemwali, kuyambira pomwe ndinatuluka, woyamba kufunsa za mlandu wanga ndi mtsikana wa pafoni uja. Inu nonse munandiphera nkhuku. Ndinathokoza. Koma ndinkaganiza kuti simufunsa chifukwa mukuchita nane manyazi.”

Mawu amenewo akundisowetsabe mtendere.

Ife timati tikuphimba m'bale wathu. Koma tikuphimba ndani kwenikweni? Munthu akachoka kuchipatala timamuzinga ndi mafunso, mpaka kufuna kuona chilonda. Akachoka kumudzi timafunsa za mvula, za mbuzi, za amene wakwatiwa. Koma akachoka kundende, tonse timasanduka osalankhula, n'kumamupatsira mchere patebulo ngati anangopita kushopu. Iye amatsala yekha ndi nkhani yake, m'nyumba yodzaza anthu. Ndipo Amalawi a nkhani zotere kuno alipo ndithu: wina anagwidwa ndi katundu wogula pamsewu, wina anamenyana kumowa, wina anayendetsa galimoto ya abwana opanda laisensi. Kumudzi onsewa mafoni awo “anatayika”.

Sindikunena kuti a inshulansi ndi achifundo. Iwo amafunsa poteteza thumba lawo, ndipo funso lawo silisiyanitsa wogula jenereta ndi wothyola nyumba mpaka mutafotokoza. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti kampani inafunsa mwachindunji zomwe ine, wobadwa bere limodzi ndi achimwene, ndinalephera kufunsa.

Tsiku lomwelo tinaimbanso, tili awiri. Funso lija litafika, achimwene anaweramira pafoni n'kuyankha okha: mlandu wake, chaka chake, ndi kuti chitulukire kundende sanapondenso kukhoti. Kampani yoyambayo inapepesa n'kutikana. Zinandiwawa, koma achimwene anangoti, “Sharp, palibe kanthu, imbani ina.” Yachiwiri inafunsa mafunso ambiri, inati ikaunika kaye, kenaka inatilola, ngakhale kuti zopereka pamwezi zinakwererapo. Choncho amene muli ndi nkhani ngati yathu, musafooke ndi kukanidwa koyamba, ndipo musaulule mlandu wa m'bale wanu iye asakudziwa. Mufunseni kaye mwini wake.

Chikwama chija tinachiiwala pakhonde. Masana Tadala akuchokera kusukulu anachiona, n'kuima.

“Amalume, mukubwereranso ku Cape Town?”

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndipeke kenakake, poti chizolowezi n'chovuta. Achimwene anandiletsa ndi dzanja. Anasuntha chikwamacho n'kumulozera mpando.

“Khala apa, mwana wa mlongo wanga,” anatero. “Ku Cape Town sindinapondeko chibadwire. Ndikuuze komwe ndinali.”

Ndinawasiya awiriwo n'kulowa m'nyumba kukateleka tiyi.

Nanga inu, uja munamuphera nkhuku n'kumupatsa chipinda chakuseri, mudzamufunsa liti? Kapena mukudikira kuti ayambe ndi a inshulansi?