Mayi Anganile Kayira, Wosankhira Ana Zida za Fizikisi

Mayi Anganile Kayira anabadwira ku Chitipa. Ali mtsikana, mphenzi inapha mlongo wawo akuweta ng'ombe, ndipo pamudzi panabuka mkangano wa ufiti. Iwo sananene munthu. Anapemphera, nalimbikira sukulu, mpaka anakhala mphunzitsi wa fizikisi ku Mzuzu.

Amuna awo, a Stephen, atapeza ntchito ya unesi ku Leicester, ku England, banja linakhazikika ku Highfields. Koma mapepala a mayiwa sanaloledwe kuti aphunzitsire. Analemba makalata, anadikira, osayankhidwa. Pomaliza analandira ntchito yosamala zida mu labu ya sekondale ina ku Evington, kukonzera ena phunziro limene ankalidziwa pamtima.

Pa phunziro la magetsi obwera pokhula zinthu, ndiwo ankasankha zida. Zonyezimira za m'makatalogi a ogulitsa zida sankazifuna. Ankatenga ndodo zapulasitiki, nsalu zaubweya, ndi elekitirosikopu, kachida ka tsamba lagolide limene limadzuka magetsi akafika. Ankati, "Chida chabwino ndi chimene mwana wokhala kumbuyo akuchiona." Chinyezi cha kuno chinkawagonjetsa kawirikawiri: ndodo aumitsa pa hita, koma tsamba osadzuka, ana n'kuseka. Iwo ankangoti, "Mawa, Ambuye akalola."

Kenako shuga inayamba kuwadya maso. Madokotala anayesa, amvano anasala kudya, koma mdima unkangokula. M'chaka chawo chomaliza pa ntchito, mphunzitsi wa fizikisi, a Rizwana, anabweretsa maelekitirosikopu atsopano oti mayiwa asankhepo. Mayi Anganile anakakhala pa mpando wakumbuyo.

"Khulani ndodo, aphunzitsi. Ngati ine ndione, ana onse aona."

A Rizwana anakhula, nayesa chida chilichonse.

"Ladzuka tsamba, mayi. Mwaliona?"

"Ayi. Sindikuona kanthu."

Misozi inatsika m'masaya mwa Mayi Anganile. A Rizwana atawafotokozera maonekedwe a chida chilichonse, iwo anati, "Tengani chachikulucho, chokhala ndi choyera kumbuyo kwa tsamba. Ndikukhulupirirani."

Atapuma ntchito, mwana wawo Fiona ankawagwira dzanja kupita kutchalitchi. Tsiku lina anafunsa, "Amayi, simumakhala angry ndi Mulungu?"

"Ndimamufunsa, mwanawe. Sanandiyankhe. Koma ndipite kwa yaninso?"

Anamwalira Lamulungu masana, amvano akuwaimbira pambali pa bedi. A Rizwana anabwera ku maliro, nakhala pakati pa amayi mpaka nyimbo yomaliza. Ife otsala tinaona munthu amene anamanidwa zambiri zimene anapempha, koma sanaleke kugwada. Mzimu wawo uuse mumtendere.